Apusi Amanzere a Agogo

3 Okutobala

Okondedwa Agogo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Azakhali. Bondo lija likuti bwanji? Ndalemba kalata chifukwa makutu anu anatha ndi hamala, ndipo pafoni mumangofuula kuti "Ndani?" mpaka mayunitsi kutha.

Ine kuno ku yunivesite thupi lili bwino, koma mutu wazungulira. Kuti ndimalize digiri ndiyenera kupereka kafukufuku wanga pa 18 Disembala. Ndikufufuza ngati apusi ali ndi dzanja lomwe amalidalira monga anthufe. Ubongo uli ndi mbali ziwiri, Agogo. Mbali yamanzere imayendetsa dzanja lamanja, mbali yamanja imayendetsa lamanzere. Ndiye tikadziwa dzanja lomwe pusi amakonda, tasuzumira pang'ono mmene ubongo wake umagawira ntchito. Tsoka lake, apusi a kumalo osungira nyama komwe ndimakawerengera agwidwa chifuwa, ndipo atseka geti mpaka chaka chamawa. Ndikapanda kupereka kanthu ndibwereza chaka chonse.

Ndakumbuka apusi aja amene amatsika m'phiri kudzaba mango kuseri kwa shedi yanu. Chonde ndithandizeni. Dulani kapaipi ka pulasitiki kotalika ngati chikhatho, mupake uchi m'kati, mukasiye pansi pa mtengo. Pusi adzagwira paipi ndi dzanja limodzi, n'kupisa chala cha dzanja linalo kuti atape uchi. Inu muzilemba dzanja lomwe lapisa chala, lamanja kapena lamanzere. M'mawa uliwonse mpaka mwezi uthe.

Musawathandize. Musawakalipire. Musawonjezere chilichonse. Kungoona ndi kulemba basi.

Ine mdzukulu wanu.

12 Okutobala

Mkazi wanga wamng'ono,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kachitatu nditapeza magalasi. Bondo lilipo, likupereka moni. Azakhali ako aliponso, akupereka malamulo.

Ndiye zaka zonsezi ndikuuza anthu kuti mwana akuphunzira udokotala wa nyama, kumeneko ukuphunzira kuyang'ana manja a akuba? Ine ndinalekezera Sitandade 5, koma zoti wakuba amaba ndi manja onse awiri ndinazidziwa ndisanavale nsapato. Komabe mwamuna sakana ntchito ya mkazi wake. Ndavomera.

Apusi alipo asanu ndi anayi, ndipo ndawatcha mayina kuti ndisawasokoneze. Wamkulu ndi Abwana, amadya okha ena akuyang'ana. Pali Mlamu, amene amafika nthawi ya chakudya n'kuchoka osatsanzika. Pali Wapolisi, amatulukira zinthu zitatha kale. Loya amakuwa kwambiri tsiku lomwe walakwa ndi iyeyo. Kondakitala amalendewera pa nthambi ndi mkono umodzi. Namfedwa nkhope yake ndi yachisoni ngakhale atakhuta. Otsalawo ndi amayi atatu oyendera limodzi, ndangowatcha Komiti.

Paipi yoyamba Abwana anakwera nayo kuphiri. Yachiwiri Mlamu anabwereka, ndipo ukudziwa kabwerekedwe ka alamu. Azakhali ako anena kuti ndikadulanso paipi yawo yothirira maluwa ndikagona ku shedi. Koma usade nkhawa, ndakonza. Zaka makumi anayi ndikukhoma ndowa ndi maketulo, sindingagonje kwa munthu wa mchira.

Tandiuza, kumeneko umadya? Pa chithunzi chija unali ngati sipoko ya njinga.

Ndine mwamuna wako wokalamba.

21 Okutobala

Agogo,

Moni kwa nonse. Zikomo kuti mwapeza paipi ina, ndipo muwapepesere Azakhali chifukwa cha maluwa awo.

Kalata yanu ndaseka nayo, koma Apulofesa amene akuyang'anira ntchito yanga safuna kudziwa khalidwe la Mlamu. Akufuna manambala. M'kalata yonse ija mulibe ndi malo amodzi omwe pamene mwalemba kuti "manja" kapena "manzere". Tengani kope, mujambule mizere. Kumanzere tsiku, kenako dzina la pusi, kenako dzanja. Palibe mzere wa ndemanga, Agogo, musaujambule.

Masabata atatu apita kale. Anzanga ayamba kulemba mutu wachitatu, ine ndikadali ndi mayina a Komiti.

Komanso lekani kuuza anthu kuti ndine dokotala. Mayi a kugolosale anandiimbira foni kuti galu wawo sakudya.

Mdzukulu wanu wodandaula.

8 Novembala

Dokotala wanga,

Tili bwino kuno, kungoti njuchi zaonjezeka. Khala pansi usanawerenge, kuopa kuti ungagwe ndi kuwonda kwakoko.

Kope lako ndi limenelo, mizere yowongoka ngati msoko wa ndowa. Ndemanga ndalemba kuchikuto, poti unaletsa mzere, sunaletse chikuto. Werenga wekha. Onse naini ndi amanzere! Masiku khumi ndi asanu, ndipo chala chamanja sichinalowe mu uchi. Kondakitala anayesa kamodzi, anakodola mkono uku ndi uku, n'kuona yekha kuti akuchita zopusa, n'kubwerera kwa anzake.

Ukudziwa kuti ine ndine wamanzere. Chomwe sudziwa n'chakuti aphunzitsi anga a Sitandade 1 ankandimangirira dzanja limeneli ku mwendo wa desiki ndi lamba wa chikwama, ati ndi dzanja lamwano. Ndikalemba ndi lamanja, zilembo zinkaoneka ngati papalasa nkhuku. Ndiye ankandikwapula kawiri, koyamba chifukwa cha dzanja, kachiwiri chifukwa cha nkhuku. Nditakula, sizasi yodulira malata inali ya amanja. Apongozi anga anakana kulandira tiyi amene ndinawapatsira ndi dzanja langali. Ngakhale makasitomala ankabweza maketulo, ati mlomo wake ukuthirira kumbali. Kumbali kwa ndani? Kwa ine ankathira bwinobwino.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndili ndekha, osadziwa kuti abale anga ali m'phiri momwemu. Dzulo ndinawavulira chipewa Abwana. Sanayankhe, koma mabwana ndi choncho.

Uwauze Apulofesa kuti ngati kuli mendulo, khosi langa ndi saizi 15.

Ndine gogo wako, tcheyamani wa amanzere.

14 Novembala

Agogo anga okondedwa!

Kope lafika! M'mabuku onse omwe ndawerenga sindinapezemo gulu lathunthu lopendekera mbali imodzi chonchi. Nthawi zambiri ena amakhala amanja, ena amanzere, ena osadziwika bwino. Apulofesa anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, n'kundifunsa kuti, "Munthu amene walemba izi mumamukhulupirira?" Ine ndinati, "Agogo anga amaseka, koma sanama."

Andipatsa mphindi makumi awiri Lachisanu la sabata yamawa kuti ndikalankhule pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira onse a gawo lathu. Chinthu chimodzi chokha: akufuna chithunzi cha pusi ali pa paipi. Chonde Azakhali ajambule ndi foni yawo, akatsukitse, munditumizire lisanafike tsikulo.

Ndabweza mawu onse oipa amene ndinakunenerani mumtima.

Mdzukulu wanu wosangalala.

24 Novembala

Mwana wanga,

Ndine azakhali ako. Ndili moyo, koma kunena kuti ndili bwino kungakhale kunama. Kalata yako yopempha chithunzi yagona sabata yathunthu m'thumba la jekete la agogo ako. Ndaipeza dzulo pochapa. Nditawafunsa anati ankaisunga kuti isazizidwe.

Ndikufuna undiuze tsiku lomwe sukulu yakoyi ithe, chifukwa panyumba pano sipakhalika. Njuchi zadzaza khonde. Mayi wina anabwera kudzayesa diresi la ukwati wa mwana wake, njuchi inamuluma pachikope, anapita kwawo akuona ndi diso limodzi. Apusi azolowera, tsopano amalowa mpaka m'chipinda chosokera. Amene amamutcha Loya anathawa ndi tepi yanga yoyezera, ndipo mpaka lero ikulendewera pamwamba pa mtengo. Ndinati, "Bambo, kodi nyumba ino ndi yathu kapena ya alendo anuwa?" Iwo anati, "Usawanyoze, ndi ana asukulu." Lamulungu anauza anthu pakhomo pa tchalitchi kuti iwo tsopano ndi wachiwiri kwa pulofesa.

Chithunzi ndi chimenecho. Wakhala patsogoloyo ndi Abwana awo, ndipo chonyezimiracho ndi chikho chomwe anawakhomera mapaipi aja atabedwa. Ntchito yokha ndi yaukhondo, pamenepo sindingawanamizire. Anapinda lata, anaika chigwiriro mbali imodzi ngati cha kapu, kukamwa anadula mopendeketsa, n'kuchimangirira ndi katcheni kakafupi pa nsanamira ya shedi, mogundana ndi khoma. Anatha masiku awiri atanyonyomala pamenepo akuchiyesa okha, kugwira ndi lamanja, kupisa chala chamanzere, kunyambita, kukapindanso. Ndinati, "Bambo, uchiwu ndi wa apusi kapena wanu?" Anati, "Mmisiri sapereka katundu asanamuyese."

Ndikhulupirira msonkhano wako unayenda bwino ngakhale chithunzi chachedwa. Uzidya, mwana iwe.

Azakhali ako otopa.

28 Novembala

Agogo,

Moni ndapereka kwa Azakhali okha.

Chigwiriro, Agogo? Chigwiriro? Ndinalemba ndi Chichewa chomveka kuti musawonjezere chilichonse. Taonani chithunzichi nokha. Chigwiriro chili kumanja, kukamwa kwapenya kumanzere, khoma latsekereza chigongono chamanja, tcheni sichilola kutembenuza. Ngakhale ine, ngakhale Apulofesa, ngakhale aphunzitsi anu a Sitandade 1 aja akanapisa chala chamanzere! Apusi anu si amanzere. Chamanzere ndi chikho chanucho, chifukwa munachiyezera pa thupi lanu.

Lachisanu lija ndinaimirira pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi. Anandiombera m'manja. Wina anandipempha kope kuti akaonetse mnzake wa kunja. Lero m'mawa ndalowa mu ofesi ya Apulofesa ndi chithunzi chanu m'manja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Bola akanandikalipira. Atatha kuseka anati zonse za m'kope lija zitayidwe, ndipo ndidzaimirirenso pamaso pa anthu omwe aja n'kubweza mawu anga. Akuti ndikabweretsa masiku khumi oyera lisanakwane tsiku la 18, adzalandira. Apo ayi, tionana chaka chamawa.

Mu phukusili muli mapaipi sikisi a pulasitiki, opanda kanthu. Mumange imodzi ndi chingwe chachitali pakati pa bwalo, kutali ndi khoma, kuti pusi aziitembenuza mmene akufunira. Azakhali, chonde khomani shedi ndi loko, kiyi musunge inu. Kope mudzapatsire dalaivala wa basi, osati positi, osati jekete.

Agogo, simunandiseketse.

Mdzukulu wanu.

13 Disembala

Mdzukulu wanga,

Sindikutcha mkazi wanga lero, poti ndaona kuti ukwati uli pa khoti.

Poyamba ndinakwiya. Ndinauza azakhali ako kuti chiwiya chopanda chigwiriro ndi ntchito yosatha, ndipo palibe mmisiri amene angapatse mlendo chinthu choterera m'manja. Iwo anati, "Mlendo wake uti? Wakuba tepi yanga uja?" Ndinati, "Ine ndinangofuna kuti adye mwaulemu." Anati, "Bambo, mwana anakutumani kukaona, inu munakakhala mwini phwando. Bweretsani kiyi." Kiyi ameneyo anamumangirira m'chiuno, malo amene ngakhale Wapolisi sangafufuze.

Ndiye masiku khumi ndakhala pa mpando pakati pa bwalo, manja onse awiri ndawakhalira. Ntchito yoona osakonza ndi yowawa kuposa bondo. Paipi ikugubuduka m'fumbi, uchi ukutayika, Komiti ikulandana, ine duu. Mango akutha, ndiye tsiku lachinayi sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ndinafuna kuwaimbira ndowa, koma ndinakumbuka kuti unati ndisawathandize. Ndalemba kuti "sanabwere", ndipo ndawonjezera tsiku lina kumapeto kuti khumi akwane. Kuwonjezera kumeneko kokha undikhululukire.

Zotsatira zake n'zochititsa manyazi. Wapolisi, Loya ndi awiri a mu Komiti ndi amanja. Mlamu amadya ndi manja onse awiri, zimene sizinadabwitse aliyense. Wachitatu wa mu Komiti amasinthasintha malinga ndi amene wakhala naye pafupi. Amanzere enieni ndi Kondakitala ndi Namfedwa basi. Tsopano ndamvetsa nkhope ya Namfedwa.

Abwana ndiwo anandipweteka. Tsiku loyamba lenilenilo anatola paipi, anaitembenuza kawiri, anandiyang'ana m'maso, n'kupisa chala chamanja ngati munthu amene wakhala akudikira kuti chipani chigwe. Munthu amene ndinamuvulira chipewa! Azakhali ako anali atapita kukapereka diresi, pabwalo panalibe wondiona. Pensulo inaima pamwamba pa kope nthawi yaitali, ndipo sindikubisira, inkafuna kulemba "manzere". Pusi mmodzi yekha, ndani akanadziwa? Koma ndinakumbuka kuti unauza Apulofesa kuti agogo ako sanama. Ndalemba "manja". Ndi dzanja langa lamanzere lomweli ndalemba "manja", masiku onse khumi.

Dalaivala ndamuuza kuti akataya kopeli asadzadutsenso msewu uno. Ukalandira undiuze, ngakhale ndi mzere umodzi wopanda moni.

Ndine gogo wako, tcheyamani wa anthu awiri.

9 Januwale

Okondedwa Agogo,

Moni kwa inu, kwa Azakhali ndi kwa bondo. Pepani kuti ndakhala chete, ndinkafuna ndikhale ndi chonena.

Kope linafika pa 17 madzulo, likununkha dizilo. Ndinapereka pa 18, kutatsala ola limodzi. Sabata yatha ndinaimirira pamaso pa anthu aja n'kunena kuti zoyamba zija zinali zolakwika, ndipo ndinawaonetsa chithunzi. Anaseka mpaka wina anatuluka panja. Ndinapirira. Dzulo zotsatira zatuluka: ndakhoza. Si pamwamba pomwe ndinkalota, koma chaka sindibwereza. Apulofesa akuti mutu wabwino koposa m'buku langa ndi umene ndafotokoza mmene chida chingayankhire funso m'malo mwa nyama.

Tsono ali ndi pempho. Akufuna chikho chija kuti aziphunzitsira ophunzira a chaka choyamba zinthu zosayenera kuchita. Chidzakhala mu kabati ya galasi. Chitumizeni mmene chililimo. Ndabwereza, Agogo: mmene chililimo.

Mkazi wanu wamng'ono.

17 Januwale

Mkazi wanga,

Ndiye ukwati wabwerera! Azakhali ako analulutira mpaka Komiti inathawira kuphiri. Ine sindinalire, ndi utsi wa makala umene unandilowa m'maso.

Koma taona dziko ili. Ndowa zanga zatunga madzi m'nyumba mazanamazana, palibe yadontha, ndipo palibe pulofesa anabwera kudzaigwira chanza. Ntchito imodzi yokha yomwe ndalakwitsa ndiyo ikupita ku yunivesite kukakhala m'galasi. Ndikanadziwa ndikanayamba kulakwitsa ndili mnyamata, bwenzi pano ndili ndi ofesi.

Chikho chikubwera pa basi ya Lachitatu. Uwauze alembe pansi pake kuti anachikhoma ndi munthu wa Sitandade 5, kuti ana a chaka choyambawo adziwe kuti kusokoneza anthu makumi asanu ndi limodzi ophunzira sikufuna digiri. Ndachitumiza mmene chinalili, monga unanenera. Kungoti chinayamba dzimbiri, ndiye ndachikwecha pang'ono. Komanso ndaganiza za fumbi la choko kumeneko, ndi ntchentche, ndi ulendo wa pabasi, ndiye ndachiikira kachivundikiro ka hinjesi. Kamatsekukira kumanzere. Usavutike n'kuthokoza.

Ndine mwamuna wako, wolakwitsa wa ku yunivesite.

Mwana wanga, ndine azakhali ako, ndalanda pensulo. Shedi ndi yokhomabe ndipo hamala ili pansi pa matiresi anga. Kachivundikiroko akhomera ndi mwala.